Nyumba zikayang'anizana, bawoyo ndi nkhuni

Sabata yatha kunabwera mnyamata pashedi yanga ku Kawale, bawo ili m'jumbo. Akuti anaigula m'tauni motchipa, koma madala amene amasewera nawo ku Biwi anangoiyang'ana n'kumubwezera. “Bambo, tandiuzani chalakwika n'chiyani,” anatero. Nditaitsegula ndinagwira pakamwa. Thabwa la paini alipaka polishi ya nsapato kuti lizioneka ngati mlombwa, mahinjesi ake a pakabati, ndiye nyumba ziwiri zija zayang'anizana maso ndi maso.

Amene anasema chinthu chimenecho sanasewerepo bawo chibadwire. Maenje 32 anawerenga bwino, mizere 4 ya maenje 8, nkhomo 64 anaikamonso. Koma nyumba, dzenje la ngodya zinayi lija ena amati kuu, ili ndi malo ake. Ili mumzere wakutsogolo, dzenje lachisanu kuchokera kudzanja lamanzere la mwini wake. Mnzanu ali mbali inayo, kumanzere kwake ndi kumanja kwanu, motero nyumbazo zimalambalalana. Poyamba masewera mumaika nkhomo 8 m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri a kumanja kwake, 20 zotsalazo n'kukhala m'manja. Mukayang'ana bwino muona kuti palibe dzenje lanu lokhala ndi nkhomo limene lapenyana ndi la mnzanu. Woyamba alibe choti adye, ayenera kutakata basi. Tsono nyumba zikayang'anizana, woyambayo angoponya nkhomo imodzi n'kudya nyumba yonse ya mnzake anthu asanakhale n'komwe pansi. Akale amene anakonza malamulowa anaiona kale ngozi imeneyi. Ku Zanzibar amaika 6 m'nyumba ndi 22 m'manja, koma malo a nyumba ndi omwewo.

Zodula thabwa, kupala ndi kulemba mizere sindikambapo, aliyense wogwira puleni amazidziwa.

Ine ntchitoyi anandiphunzitsa ndi mdala wina wachiYao wa ku Mangochi, amene ankasema pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake ku Area 23. Miyezi itatu yoyamba sanandigwiritse tchizulo. Ntchito yanga inali kusesa zipalo, kuwaphikira tiyi, ndipo madzulo aliwonse kukhala moyang'anizana nawo kuti andidye. Ankandidya mpaka mzere wakutsogolo kuyera, iwo akumwetulira, chikoti cha tiyi chili pambali. Ndikanyinyirika ankangoti, “Iwe mwana, dzala nkhomo tiyambenso.” Sankasewera pa nthawi ya swala yokha. Tsiku limene ndinawadyera nyumba koyamba anakhala chete kanthawi, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi tchizulo chokhota, chigwiriro chake chitachita kuda ndi thukuta. Ndicho ndikugwiritsabe ntchito. Anamwalira ndisanawasemere bawo yawoyawo, ndipo zimenezi zimandiwawabe.

Chimene anandivutitsa nacho kwambiri ndi mkati mwa dzenje. Dzenje la bawo liyenera kulandira zala zinayi za munthu wamkulu n'kutulutsa nkhomo zonse kamodzi. Likazama ngati mtondo, nkhomo imodzi imatsalira pansi, wosewera agona pamene samayenera kugona, mkangano wabuka. Likakhala losazama, nkhomo zikachuluka zimasefukira kwa mnansi, ndipo palibe amene angalumbire kuti inachokera dzenje liti. Anyamata a masiku ano amaboola ndi makina, khoma la dzenje n'kuima chilili ngati kapu, zala kumakanda pangodya. Ine ndimalowetsa khoma pang'onopang'ono ngati chipande, kenako sandipepa wokulunga pachala mpaka khungu kutentha. Mpata wa pakati pa maenje nawonso ndi lamulo. Katswiri amawerenga ndi maso, amaona kumene nkhomo yomaliza ikagwere atazungulira kawiri kapena katatu, ndiye maenje othithikana amamusokoneza. Nyumba ndimaikulitsako ndithu, chifukwa munthu wouma mtima amaisunga mpaka nkhomo kupitirira 20 asanaigwetse.

Mdzukulu wanga wina anandionetsa pafoni masewera a ku America otchedwa Dungeons & Dragons, amene anayamba mu 1974. Malamulo ake ndi mabuku athunthu, ndipo amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati munthu wapambana nkhondo. Ndinamuuza kuti m'bawo mulibe mwayi ngakhale pang'ono. Ukaluza waluza ndi mutu wako, ndipo theka la malamulo lili m'thabwamo.

Mtengo wanga ndi mlombwa. Suchita chiswe msanga, supindika ukauma bwino, ndipo nkhomo ikagwamo imalira bwino, madala amaimva ali kuseri kwa golosale. M'bawa ndimalandira ukasowa mlombwa. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino pa denga, osati pa bawo, amanyenyeka m'mphepete mwa maenje chaka chisanathe. Vuto n'lakuti mlombwa wasowa, ndipo chigwere kwacha mu Novembala 2023 vanishi ndi mahinjesi zakwera moti ndimachita mantha kutchula mtengo. Munthu afika pagalimoto yoti mawilo okha angagule shedi yanga yonse, koma n'kumati, “Amisiri, tsitsaniko, pafupi ndi positi ofesi ku Old Town ndaona ya theka la mtengo umenewu.” Kumenekonso kuli amisiri enieni, sindikunyoza onse, koma zambiri za alendo amazisemera pakhoma, njovu ndi mvuu mbali zonse, maenje ngati a ntchuwa ya ana.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti yake singakonzeke, atenge nkhomo zokha. Inu mukapita kukagula, musayambe ndi kuyang'ana njovu za pachivundikiro. Itseguleni, werengani maenje asanu kuchokera kumanzere, kenako pisanimo dzanja.