Usiku umene mlonda anagona

M'nyengo yozizira ya chaka cha 2024 ndinkatuluka panja madzulo aliwonse n'kuyang'ana chakumpoto, kumene kuli kagulu ka nyenyezi kopindika ngati nkhata, kotchedwa Corona Borealis. Ndinali nditamva kuti pambali pa nkhatayo pawala nyenyezi yatsopano. Ndinapirira milungu itatu yokha. Mphepo ya mu Julaye itakula, ndinabwerera m'bulangete ndikung'ung'udza kuti akatswiri atinamiza.

Nyenyeziyo, T Coronae Borealis, si yatsopano ayi. Ndi nyenyezi ziwiri zimene zimazungulirana masiku 228 aliwonse, ndipo zili kutali kotero kuti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 3,000 kuti kutipeze. Ina ndi yaikulu, yofiira ndi yokalamba. Inayo ndi yaing'ono ngati dziko lathuli, koma yolemera kuposa dzuwa. Yaing'onoyo imakoka mpweya wa hydrogen kwa inzake, mpweyawo n'kumaunjikana pamwamba pake kufikira utatentha kwambiri n'kuphulika. Pamenepo nyenyezi yosaoneka ndi maso imawala masiku ochepa, kenako imazilala n'kuyambanso kuunjika. Inatero mu 1866, inateronso mu 1946. Akatswiri anayembekezera kuti iphulika mu 2024, koma chakacho chinatha kuli zii.

Patapita nthawi ndinawerenga za Leslie Peltier wa ku Delphos, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo ndinachita manyazi. Bamboyu sanali pulofesa, anali munthu wamba wokonda thambo. Anailondera nyenyezi yomweyi zaka zoposa 20. Usiku wina mu Febuluwale 1946 anatchera wotchi kuti imudzutse mbandakucha. Inalira, iye anadzuka, kumwamba kunali koyera, koma anamva ngati chimfine chikumuyamba ndipo anabwerera pakama. Usiku womwewo nyenyezi inaphulika, n'kuonedwa ndi ena. Iye anaphonya usiku umenewo atadikira zaka zonsezo, pamene ine ndinafooka mwezi usanathe.

Mwina mufunsa kuti anthu wamba akuvutikiranji pamene akatswiri ali ndi makina akuluakulu oonera kuthambo. Makinawo ndi ochepa, ndipo ofufuza ambiri amachita kuwalimbirana. Sangaloze nyenyezi imodzi zaka ndi zaka poyembekezera chinthu chosadziwika tsiku lake. Chikhalirecho, kuphulikako kumafika pachimake m'maola ochepa. N'chifukwa chake anthu odzipereka m'maiko osiyanasiyana amayeza kuwala kwa nyenyezizi usiku ndi usiku, n'kutumiza zimene aona ku bungwe la AAVSO, limene linakhazikitsidwa mu 1911. Kuno kukacha kapena kukachita mitambo, kwina kuli mdima, ndipo wina ali maso.

Zipatso zake zinaoneka. Mu Januwale 2010, Barbara Harris wa ku Florida anaona kuti U Scorpii yaphulika, ndipo uthenga wake unatembenuza makina a akatswiri tsiku lomwelo. Pa 8 Ogasiti 2021, Keith Geary wa ku Ireland anaona RS Ophiuchi itawala, patatha zaka 15 chiphulikireni mu 2006. Makina a H.E.S.S. a ku Namibia anailoza mwamsanga n'kupeza cheza champhamvu kwambiri chotchedwa gamma chikuchokera kumeneko.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri si usiku wa kuphulikawo, koma mausiku zikwizikwi amene munthu amatuluka m'chisanu, kuyang'ana, n'kulemba kuti palibe chasintha. Lipoti lotere silituluka m'nyuzipepala. Komabe ndi malipoti otere amene anasonyeza kuti T Coronae Borealis inazilala pang'ono isanaphulike mu 1946, ndiponso kuti inazilalanso mu 2023. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife achinyamata timafuna kufesa m'mawa n'kukolola madzulo. Sukulu, ntchito, ngakhale kudwazika kholo, timazisiya panjira tikaona kuti palibe wotiyamikira.

Ine ndilibe makina oonera kuthambo. Chimene ndinachita n'kubwerera panja ndi kuloweza maonekedwe a nkhata ija, nyenyezi zake 7, kuti ikaonjezekapo ina ndiizindikire. Inunso, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kukada kwezani maso chakumpoto. Mukapeza kuti palibe chasintha, mawa lake mudzatulukenso.