Malungo a Galimoto

Munthu akatentha thupi, sing'anga wanzeru sathamangira kumpatsa mankhwala asanafunse kumene kutenthako kwacokera, pakuti kutentha ndi mthenga cabe wa nthenda imene yabisala m'kati. Galimoto nayonso iri cimodzimodzi. Singano ya geji ikakwera kufika pofiira, injini ikunena kuti yadwala, koma siichula dzina la nthendayo. Kupeza dzinalo ndiyo nchito ya makanika.

Injini imapsa ndi moto wa petulo, ndipo comwe ciiziziritsa ndi madzi. Pampu ikankha madziwo kuzungulira injini, atenga kutentha, napita ku rediyeta kumene mphepo iwaziziritsa m'timipope ting'onoting'ono. Fani ikoka mphepoyo, ndipo m'magalimoto ambiri akale lamba mmodzi ndiye azunguza fani ndi pampu pamodzi. Palinso kakhomo kochedwa thermostat, kamene m'magalimoto ambiri akale katseguka madzi akafika madigiri 82. Cimodzi mwa izi cikalephera, zonse zibvutika.

Ku Petauke kunali mkulu wina amene anakalamba ndi sipanala m'manja. Caka cina m'mwezi wa Okutobala anasenza matumba a nshawa pa vaneti yace yakale, ulendo wa ku Lusaka, pamodzi ndi mwana wa mlongo wace amene anali atangotsiriza sukulu. Nshawazo zinali thukuta la banja lonse, ndipo ndalama za sukulu za ana ang'ono zinali m'matumba momwemo. Anapitirira Nyimba ndi Kacholola bwino lomwe, naoloka mlatho wa Luangwa umene unamangidwa m'1968. Koma atayamba kukwera mapiri a tsidya lija, dzuwa liri paliwombo, singano inakwera, ndipo nthunzi inayamba kutuluka pansi pa boneti.

Mkuluyo anapatuka pambali nazimitsa injini. Mnyamata analumpha ndi cigubu ca madzi, dzanja liri kale pa citsekero ca rediyeta.

"Leka, mphwanga!" anatero mkuluyo. "Ufuna kukafika ku Lusaka wopanda khungu kumaso? Citsekeroco cipanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100 monga a mumphika, koma apirire mpaka pafupi ndi 120. Ukacicotsa tsopano, onse awira nthawi imodzi nakuthira. Ndiponso madzi ozizira pa citsulo camoto ang'amba mutu wa injini."

"Amalume, ine ndiyesa gasiketi yapsa. Ndi zimene anzanga amanena galimoto ikatentha."

"Kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyambe ndi zochipa, zodula zibwere pambuyo."

Anakhala pamthunzi kufikira injini inazizira pang'ono. Mkuluyo anagwada nayang'ana pansi: panalibe dontho. Anafinya mapaipi a mpira, wapamwamba ndi wapansi, osapeza mng'alu kapena kufewa. Anayang'ana kabowo ka pansi pa pampu, kamene kamalira misozi pampu ikatha, kanali kouma. Anadina lamba ndi cala, ndipo anangolowa ngati sentimita imodzi, monga ayenera. Anacotsa njere za udzu ndi tizilombo timene tinamatirira kumaso kwa rediyeta, koma tinali tocepa.

Tsono anasolola kamtengo koyezera oilo naonetsa mnyamata. "Gasiketi ikapsa, kawirikawiri madzi asanganikirana ndi oilo, ndipo oilo aoneka ngati tiyi wamkaka. Uyu ndi wakuda bwino." Anatsegula citsekero ndi nsanza, pang'onopang'ono, naonjeza madzi, naliza injini. M'khosi mwa rediyeta munalibe thobvu lotumphuka kosaleka, ndipo kumbuyo sikunatuluke utsi woyera. Gasiketi inali yamoyo.

Injini itatenthanso, paipi yapamwamba inatentha nayo, ndipo apa anadziwa kuti thermostat ikutseguka. Ikadakhala yomata, paipiyo ikadatsala yozizira injini iri kupsa. Pamenepo anazimitsa, nauza mnyamata kuti ayendetse cikhato pa rediyeta ponse.

"Amalume, m'mbali mwatentha, koma pakati mpozizira."

"Wapeza wekha nthenda. Pozizirapo madzi sapita. Zaka zonsezi galimotoyi yamwa madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje, ndipo dzimbiri ndi zoyera zija uziona m'ketulo zatseka timipope. Pa cidikha timipope totsalato tikwanira. Pa phiri, ndi katundu, ndi dzuwa lotere, ticepa."

Pali lamulo limene mkuluyo ankaphunzitsa anyamata onse: funsa nthawi imene galimoto itentha. Ikatentha itaima kapena poyenda pang'onopang'ono m'tauni, nizizira pothamanga, mlandu uli pa fani kapena lamba, pakuti mphepo ya ulendo ikugwira nchito imene fani yalephera. Ikatentha pothamanga kapena pokwera phiri, madzi ndiwo sayenda mokwanira: rediyeta yatsekeka, paipi yapansi ifwafwanyika pampu ikakoka, kapena mapiko a pampu adyeka. Ikatha madzi popanda podontha pooneka, yang'ana mpira wa citsekero, ndipo pambuyo pace gasiketi. Ena amataya thermostat nayesa kuti aciritsa galimoto. Koma injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri ndi kutha msanga, ndipo nthenda yeniyeni itsala pomwepo. Woikayikira aiike mumphika wa madzi pamoto, aone ngati itseguka madzi asanawire.

Awiriwo anadikira dzuwa kulowa, nakwera phiri usiku ndi giya yaing'ono, akupumira pamene singano yasuntha. M'mawa anagulitsa nshawa, ndipo rediyeta anaipereka kwa amisiri amene anaitsegula ndi kutokosa timipope timodzitimodzi. Mtengo wace unali waung'ono poyerekeza ndi wa mutu wa injini.

Anyamata ambiri otuluka m'sukulu alakalaka nchito ya magalimoto, nayesa kuti umakanika ndiwo kukhala ndi bokosi lodzala ndi zitsulo. Zitsulo zigulidwa m'sitolo. Cimene sicigulidwa ndico kuyang'ana, kukhudza, kufunsa, ndi kusamasula nati iriyonse usanadziwe cifukwa cace. Mnyamata amene aphunzira ici adzasunga ndalama za eni magalimoto, ndipo iwo adzamfunafuna ngakhale garaja yace ikhale pansi pa mtengo wa mango.