Msewu wa ku Monkey Bay ndi anthu amene amaulondera

Monkey Bay, yomwe akuluakulu amati Lusumbwe, ndi tauni yomwe msewu umathera. Kupitirira apo ndi madzi. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, imanyamukira pompano, ndipo aliyense wokwera amayamba wadutsa pa tala kaye. Ngati sanachokere ku Mangochi, ndiye kuti watsika Khwekhwerere n'kudzera ku Golomoti. Usipa wopita ku Limbe ndi ku Lilongwe umadzera momwemo. Alendo opita ku Cape Maclear, m'paki yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, nawonso ndi momwemo.

Ndikamayenda mumsewu umenewu maso anga sakhala pa mapiri ndi milambe yokha ayi. Ndimayang'ananso ngalande. Mainjiniya amadziwa kuti chimene chimapha msewu msanga ndi madzi. Kalavati ikatsekeka ndi mchenga, madzi amaima m'mbali, n'kulowa pansi pa tala, dothi n'kufewa. Lole yolemera ikapondapo, tala imang'aluka. Mng'alu wa chaka chino ndi dzenje la chaka chamawa. Dera lino n'lachigwa, mitsinje yotsika m'mapiri imabwera ndi mchenga wambiri, choncho ngalande sizichedwa kudzadza.

Apa ndi pomwe pamalowera anthu okonza mapulani. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri: Roads Authority yoyang'anira misewu ikuluikulu, ndi Roads Fund Administration yosunga ndalama zake. Gawo lalikulu la ndalamazo limachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, kuonjezera pa zomwe timalipira pa zipata za pa Chingeni ndi Kalinyeke. Ndiye kuti wakabaza akathira malita awiri pa njinga yamoto, naye wasonkhako. Timisewu tolowera m'midzi ndi ta khonsolo ya boma.

Wokonza mapulani amayenda msewu wonse akulemba paliponse pomwe pang'aluka, pakumbika kapena pakokoloka. Amawerengetsa galimoto zodutsa pa tsiku, makamaka zolemera. Kenaka amagawa ntchito: yachaka ndi chaka monga kutchetcha udzu, kufukula ngalande ndi kutseka maenje, ya pakapita zaka, monga kuthira tala yatsopano pamwamba, ndi yadzidzidzi, mlatho ukakokoloka. Chovuta n'chakuti ndalama sizikwanira misewu yonse. Kodi muyambe ndi msewu womwe anthu akuudandaula pa Facebook, kapena wooneka bwinobwino womwe ungapulumuke ndi ndalama zochepa lero? Nthawi zambiri nzeru zimaloza wachiwiriwo, chifukwa kumanganso msewu wothetheka kumadya ndalama zambiri kuposa kuusamala ukadali moyo. Koma kukauza anthu okhala pa maenje kuti adikire, eee, pamafunika mtima.

Namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasonyeza kuti pulani ya chaka chonse itha kusokonekera usiku umodzi. Milatho ikaduka, ndalama zotsekera maenje zimathamangira kumeneko. Kuno msewu ukavuta, mayi wa geni ya nsomba ndiye amayamba kulira, chifukwa chambo chachiwisi sichidikira, ndipo minibasi zimakweza mtengo.

Achinyamata anzanga amene mukusankha kosi, ntchito imeneyi ilipo. Uinjiniya wa zomangamanga amaphunzitsa ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, koma m'maofesi a mapulani mumafunikanso odziwa zachuma, oyeza malo ndi ojambula mapu pa kompyuta. Ndipo mukadzabwera kuno pa holide, mukadzaona anthu ovala majekete owala akufukula ngalande dzuwa lili pamutu mu Okutobala, dziwani kuti wina anakhala pansi n'kuwerengera kuti ntchitoyo ithe mvula yoyamba isanagwe.