Kuumitsa kumbuyo kwa njinga yamoto

Tayala lakumbuyo la njinga yamoto limagwiridwa ndi swing arm, chitsulo chomwe chimakwera ndi kutsika, ndipo mashoko awiri ndi amene amameza mabampu. Njinga zazing'ono ngati Lifo ndi King Lion anazipanga kuti zizinyamula anthu awiri. Koma ku Ntchisi nyengo yokolola zimasenza matumba a makilogalamu 50 a soya, mtedza ndi chimanga, kuchokera kumapiri a kwa Nthondo kupita pa boma, pa Malomo ngakhale ku Mponela. Mashoko amafooka, amayamba kudontha oyilo, mapeto ake madigadi amakhula tayala. Zikatere eni ena amapita kwa owotcherera kuti akaumitse kumbuyo.

Njira zake zilipo ziwiri. Yofulumira ndi kuchotsa mashoko n'kuikapo zitsulo ziwiri zosapindika, zoboola kunsonga, zomangira pa mabauti omwewo. Inayo ndi kuwotcherera swing arm ku felemu n'kuichirikiza ndi mapaipi opendama. Yoyambayo ndiyo yanzeru, chifukwa mwini njinga akapeza ndalama amangomasula n'kubwezeretsa mashoko.

Ntchito imayamba ndi muyeso. Munthu amakhala pa njinga, mmisiri n'kuyeza mtunda wa pakati pa bauti wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo zitsulo zonse ziwiri zimadulidwa ndi kuboolera pamodzi kuti zisasiyane. Pa njira yowotcherera ija, asanayatse makina amachotsa thanki ya petulo, batire ndi kabokosi ka magetsi ka CDI, ndipo waya wa earth amamumanga pafupi ndi pomwe akuwotcherera kuti moto usadutse m'mabering'i. Kenaka amakoka ulusi mbali zonse ziwiri, kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika lakutsogolo. Ulusi ukakhudza lakumbuyo m'malo awiri, mpata wotsala kutsogolo uyenera kufanana kumanja ndi kumanzere. Zikapanda kutero njinga imayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo tcheni ndi sipuloketi zimatha msanga.

Felemu ya njingazi ndi ya mapaipi opyapyala. Rodi ya 6013 ya 2.5 mm pa moto wochepa imakwana, ya 3.2 mm imaboola. Mmisiri amayamba wangodontheza timfundo mbali iyi ndi iyo, kuyezanso ndi ulusi, kenaka n'kuwotcherera pang'onopang'ono mosinthasintha mbali, popeza chitsulo chikamazizira chimakokera komwe kwatentha. Sathirapo madzi. Paipi ya madzi yagalavanaizi si yoyenera, utsi wake umadwalitsa. Pa mphambano amaikapo tizitsulo ta ngodya zitatu, chifukwa mng'alu sukonda kuyamba pakati pa powotcherera, umayambira m'mphepete mwake.

Njinga youmitsidwa siwerama ndi katundu, ndipo tcheni safuna kulekerera kwambiri popeza mtunda wa masipuloketi susinthanso. Koma bampu aliyense tsopano amalowa mu limu, masipoko, felemu ndi msana wa woyendetsa. Choopsa kwambiri chili pa mitsetse ya miyala ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi: tayala lakumbuyo limadumphadumpha, ndipo likakhala m'malere buleki wake sagwira kanthu. N'chifukwa chake njinga yotere ndi ya katundu, yoyenda pang'onopang'ono. Kukwezapo mayi wapakati kapena wodwala n'kulakwa, ndipo wakabaza wonyamula anthu ayenera kugula mashoko olimba. Ya katunduyo imafunika kukunga masipoko sabata iliyonse, kuona ngati mabauti a zitsulo zija sanapindike, ndi kupukuta powotcherera pofufuza kamzere ka dzimbiri komwe kamasonyeza mng'alu.