Dumela: pakamwa pakavomera mtima uli zii

Abale anga a chinenero chimodzi, ndikulemba kuchokera ku White City, mu mzinda wa Gaborone. M'mawa uliwonse timaima m'mphepete mwa msewu pamodzi ndi anzathu a ku Zimbabwe, kudikira wotiitanira ganyu. M'nyengo yozizira yapitayi ndinatha masabata atatu osagwirako pula ndi imodzi yomwe, pamene kwathu ku Dedza mayi anali gone ndi matenda. Ndinaleka kupemphera. Lamulungu ndinkanenabe Chikhulupiriro cha Atumwi pamodzi ndi mpingo, koma mumtima munali zii, ndipo ndinkadziyesa wonyenga.

Mayi wina wogulitsa mandasi, amene kuno amati magwinya, ndiwo anandiuza kuti moni wawo uja, "dumela", ndi liwu lomwelo limene Atswana amanenera kuvomera ndi kukhulupirira. Ndinazizwa. Ndakhala ndikulilankhula kangapo pa tsiku, ngakhale masiku amene sindinafune kuona nkhope ya munthu, ndipo ubale wanga ndi anthu a pano unakhazikika pa liwu limenelo.

Pa Aroma 10 mtumwi Paulo amamanga mtima ndi pakamwa pamodzi. Kale ndinkayesa kuti mtima ndiwo uyenera kutsogola nthawi zonse. Koma bambo uja wa pa Marko 9 anaulula chikhulupiriro ndi kukayika kwake nthawi imodzi, ndipo Yesu sanamubweze.

Ganyu akadali wosowa, mayi sanachire kwenikweni. Komabe ndayambanso kupemphera, ndipo kukayika kwanga ndimakutchula momwemo m'pemphero.