Mapazi a khanda sanama

Anthu akamva zoti ndine namwino mzamba, amangoti ntchito yanga ndi kubereketsa basi. Ena mpaka amandifanizira ndi azamba a m'midzi, amene boma linawaletsa mu 2007, ati ntchito ndi imodzimodzi koma iwowo salira zambiri, nkhuku imodzi yakwana. Zimandiwawa. Kumanga ndi kudula mchombo aliyense angaphunzire, koma magazi a khanda ndi nkhani ina.

Magaziwo akhoza kukana kuundana, mwana n'kumangotaya magazi pamchombo kapena m'matumbo. N'chifukwa chake timabaya vitamini K pantchafu tsiku lobadwa lomwelo, 1 mg kwa mwana wokwana masiku. Izo ndi zapafupi. Chimene chimandisowetsa tulo ndi magazi akaundana m'kati mwa mtsempha n'kutseka njira. Sizichitika kawirikawiri. Zimakonda ana obadwa masiku asanakwane, ana a amayi odwala shuga, ana amene matenda alowa m'magazi, ndi amene madzi awathera m'thupi. Mudziwa kutentha kwa ku Balaka ndi ku Liwonde mu Okutobala: khanda likangofooka kuyamwa, magazi amakhuthala msanga. Koma chimene chimabweretsa vutoli kwambiri ndi kapaipi kamene timalowetsa mu mtsempha wapamchombo kuti tipatsirepo madzi ndi mankhwala. Kamapulumutsa moyo, komanso magazi amatha kugwirana pa iko.

Luso limeneli ndinalitola ku Malosa, kwa sisita wina wachikulire amene sankalola wophunzira kudutsa pabedi manja ali m'thumba. Ankati, "Mwana wanga, gwira mapazi onse awiri, kenako undiuze." Ukati ali bwino, ankafunsa kuti lofunda kwambiri ndi liti. Ankatiphunzitsa kudina kachidendene n'kuwerenga mpaka magazi abwerere, ndipo masekondi akapitirira 3 unkayenera kuitana wamkulu. Usiku ankayenda ndi tochi, n'kumamasula yekha thewera lililonse. Mayiyo anali wolimba mtima, koma khanda ankalinyamula ngati dzira. Mpaka lero dzanja langa limathamangira kumapazi ndisanatsegule faelo.

Phazi limodzi likazizira, likayezuka kapena kuda kusiyana ndi linzake, kapena mwendo umodzi ukatupa, sindidikira kuche. Mkodzo wamagazi pathewera, pamodzi ndi chotupa m'mbali mwa mimba, umandiuza za mtsempha wa impso. Pamenepo timaitana dokotala, kapaipi kamachotsedwa, madzi ndi mankhwala opha tizilombo zimaperekedwa, ndipo mwana amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Chatinkha, ku Queen Elizabeth, akamujambule. Magazi oundana pang'ono nthawi zina amasungunuka okha, madokotala n'kumangoyang'anira. Akakhala ambiri amapereka heparin, kajakisoni kapansi pa khungu, kwa milungu ingapo, atatsimikiza kaye kuti mwana sakutaya magazi m'mutu. Mlingo wake umatsata sikelo ya mwana, si wongoyerekeza ayi.

Ndiye taganizani mmene ndimamvera mwana akafika mwendo uli mphini zokhazokha, kapena atamwetsedwa chidutswa cha asipirini wogula pa okala. Wogulitsayo watenga ndalama yake, ife tatsala ndi khanda lomwe lachedwa masiku awiri. Agogo ena amakana kuti mwana atuluke m'chikuta mchombo usanagwe, ena amapaka phulusa pamchombopo, matenda n'kulowera pomwepo. Za mtengo wa kabaza ndimazimvetsa. Kuchokera ku Nayuchi kapena ku Utale si pafupi, ndipo ndalama zake zimakwera mafuta akangokwera. Koma thandizo la m'chipatala cha boma ndi laulere, ndipo mwendo ukafa subwerera.

Inu amayi, agogo ndi abambo omwe, yamwitsani mwana pafupipafupi, pamchombo pakani chlorhexidine yekha amene takupatsani, ndipo pomusambitsa gwirani mapazi onse awiri. Limodzi likasiyana ndi linzake, bwerani naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku.