Pa Njinga ya Kapalasa Kuchokera ku Limbe Mpaka ku Liwonde

Msewu wa M3, kuyambira ku Limbe kudzera ku Zomba mpaka pamene umawoloka mtsinje wa Shire ku Liwonde, ndi wotalika makilomita pafupifupi 110, ndipo ngakhale anthu ambiri amaudziwira pa zenera la minibasi, eni ake enieni ndi opalasa njinga, chifukwa iwo chitunda chilichonse amachimva m'miyendo ndipo mtsetse uliwonse amaumva m'zala zogwira mabuleki. Limbe ili pamalo okwera mamita opitirira 1,100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Liwonde safika n'komwe pa mamita 500, choncho munthu angaganize kuti ulendowu ndi wongotsetsereka. Koma pakati pa malo awiriwa pali zitunda ndi zigwa zotsatizana, moti zimene mtsetse wapereka, chitunda chotsatira chimalanda ndi thukuta.

Njinga yoyenera ulendo wotere ndi ija ya mpikisano, ya matayala opyapyala ndi handulo yopindikira pansi, imene imakhala ndi magiya, kutanthauza timagudumu ta mano tosiyana kukula timene tcheni chimasunthirapo kuti kupalasa kupepuke pokwera ndi kulimba potsika. Wolimba miyendo angathe kumaliza tsiku limodzi, koma kutero n'kudzimana, pakuti ulendowu umakoma ukagawidwa pawiri, wopalasa n'kugona ku Zomba. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene mvula yatha ndipo dzuwa silinayambe kuswa mtengo, ngakhale kuti nthawi yomweyo kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kosakanikirana ndi nkhungu, kamene kamatereretsa phula ndi kubisa njinga kwa oyendetsa galimoto.

Makilomita oyambirira, kudutsa pa Kachere mpaka ku Mapanga, ndi a phokoso ndi utsi, ndipo palibe chowakhalira. Dziko limayamba kutseguka pa Njuli, pamene phiri la Chiradzulu limaima kudzanja lamanja, ndipo kukacha bwino phiri la Mulanje limaonekera patali chakum'mawa. Apa m'pamene wopalasa amaphunzira kayendedwe ka msewuwu: kusiya njinga ithamange potsika, kuwoloka kamlatho ka pachigwa liwiro lisanathe, n'kusintha giya chitunda chisanamugwire, popeza wochedwa kusintha amakaimirira pa mapedulo mtima ukugunda, mwina mpaka kutsika n'kuyamba kukankha.

Minda ya chimanga, nandolo ndi chinangwa imene yakuta zitundazi ili pa nthaka imene inakhetsa magazi. Kuchokera pa Namadzi, njira yafumbi imalowera ku Magomero, kumene Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni ya UMCA mu 1861 atafika limodzi ndi David Livingstone, mishoni imene sinakhalitse pamalopo chifukwa cha nkhondo, njala ndi matenda. Patapita zaka, dera lomweli linasanduka esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu ankakhala pansi pa thangata, ndiye kuti ntchito yokakamiza imene munthu ankagwirira mwini esiteti ngati malipiro a malo okhalapo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe, ochokera ku mishoni ya PIM ku Mbombwe, anafika ku Magomero ndi kupha William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira esitetiyo. Wofuna kukaona malowa adziwe kuti matayala opyapyala sagwirizana ndi miyala ya njira zakumudzi, komabe n'kulakwa kudutsa pa Namadzi osadziwa chimene chinachitika kuseri kwa zitunda zimenezi.

Pa Thondwe, pafupi ndi malo ofufuzira za ulimi a Makoka, tsiku la msika anthu amasefukira mumsewu, ndipo njinga zimaoneka mmene zilili pa moyo wa Mmalawi: ina yanyamula dengu la tomato, ina mbuzi yomangidwa pa keliyala, ina ndi ya kabaza, yotenga anthu pa mtengo wogwirizana. Pamalo ngati amenewa sipasowa mmisiri wa njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo ntchito yake ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. Amatulutsa chubu m'tayala, amachipopa pang'ono, amachimiza m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo mpaka timathovu titaulula pamene pabooka, kenako amapala malowo, amapakapo guluu, amadikira kuti aume pang'ono, n'kumatapo kachidutswa ka chubu chakale. Chimene mmisiriyu sakhala nacho kawirikawiri ndi chubu chopyapyala cha njinga ya mpikisano, motero mwini njinga yotere ayenera kunyamula chake pamodzi ndi pampu yogwirizana ndi vavu yake.

Polowa mu Zomba wopalasa amalandiridwa ndi nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, kenaka mitengo ikuluikulu ndi nyumba zakale za boma, pakuti mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975. Malo abwino opumira ndi munda wa zomera wa Botanical Gardens, umene unayamba mu 1891 ngati munda woyeserapo mbewu pansi pa Alexander Whyte, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo ukuwinduka pa miyala. Amene miyendo yawatsalira amakwera msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba limene nsonga yake, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Chitunda chimenechi sichinyengerera munthu, koma pamwamba pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda, pali mphepo yozizira ya m'mapaini, ndipo kum'mawa kumaoneka nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi. M'mbali mwa msewu ana ndi akulu amagulitsa zipatso m'timbale, ndipo wokwera amakumana ndi amuna otsitsa nkhuni pa njinga, zosanjidwa kupitirira mutu wa mwini wake, amene amayenda pansi atagwira mabuleki ndi manja onse, thupi atalikokera kumbuyo kuti katundu asawatenge. Munthu amene njinga yake ndi yamasewera ayenera kuwapatukira ndi kuwapatsa moni mwaulemu.

Chigawo cha tsiku lachiwiri ndicho chokoma koposa. Msewu umatuluka mu Zomba kudzera ku Chinamwali ndi ku Songani, mapiri a Zomba ndi Malosa atatsagana nawo kudzanja lamanzere, n'kufika ku Domasi, kumene kuli sukulu ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education. Wopalasa watcheru amazindikira kuti mitsinje ya Thondwe, Likangala ndi Domasi, imene wakhala akuwoloka, yonse imalowera kum'mawa, ku nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo imaphwa mvula ikavuta, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Akapitirira Malosa dziko limatembenuka, madzi amayamba kulowera ku Shire, ndipo njinga nayo imawatsatira kudzera pa boma la Machinga, mapiri a Chikala ali chakumanja. Mtsetse wake ndi wautali, wofunika kugwira mabuleki modukizadukiza kuti malimu asatenthe, ndipo mpweya umasintha munthu akuumva pankhope: kuzizira kumatsala m'mbuyo, kutentha kwa m'chigwa kumabwera, milambe imayamba kuoneka.

Pa mtsetse womwewu, ndiponso m'misewu yonse yolowera m'mizinda, mumadutsa njinga za makala, matumba atatu kapena anayi pa njinga imodzi, mwini wake akukankha chitunda chifuwa chili pa handulo. Munthuyu si wofunika kumunyoza, chifukwa akusaka chakudya cha ana ake ndipo amene amagula makalawo ndi anthu a m'tauni. Koma mapiri amene ametedwa mpala m'mbali mwa msewu akuonetsa kuipa kwa malonda amenewa, pakuti dothi lokokoloka pamenepo limakathera mu Shire, ndipo matope amenewo ndiwo amachepetsa madzi m'madamu a magetsi kumunsi.

Ku Liwonde msewu umawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, chotchingira madzi chimene chinamangidwa mu 1965 kuti chizilamulira madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumapangidwa gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Woima pa mlathowo amaona asodzi m'mabwato, namasupuni, chomera choyandama chimene chimatseka makina a magetsi chikapanda kutchingidwa, ndipo nthawi zina mvuu zimatulutsa mitu patali pang'ono. Madziwo ndi okopa munthu wotopa, koma muli ng'ona, ndipo wanzeru amasamba kumalo ogona alendo.

Makilomita ochepa kuchokera m'tauni kuli chipata cha Liwonde National Park, malo osungirako nyama amene anakhazikitsidwa mu 1973, okula masikweya kilomita 548, amene kuyambira mu 2015 akuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Apa njinga imatsala panja, chifukwa m'katimo muli njovu ndi njati, mikango inabwezeretsedwamo mu 2018, ndipo mu 2019 munafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinachuluka moti 263 mwa izo zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Wopalasa amamaliza ulendo wake pa boti, akuyang'ana njovu zikumwa madzi pansi pa migwalangwa ndi nkhwazi zikulira m'mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje.

Choopsa chachikulu pa ulendo wonsewu si chitunda kapena chilombo, koma galimoto. Wopalasa anyamuke kukangocha, avale chipewa cholimba ndi malaya owala, ayende kumanzere ndipo asayerekeze kupalasa usiku popanda nyali. Komabe udindo waukulu uli ndi oyendetsa malole ndi maminibasi, amene ambiri mwa iwo amaliza hutala ngati lamulo loti njinga igwere kutchire, pamene wanyamula matumba anayi sangakhote mwadzidzidzi osagwa. Akuluakulu oona za misewu asamale mphepete mwa phula, pamene padyeka pakonzedwe msanga, ndipo oyendetsa galimoto achepetse liwiro pa Namadzi, pa Thondwe, pa Songani ndi pa mtsetse wa Machinga, n'kusiyira njinga mpata wokwanira poidutsa.